Nambala Yofufutidwa pa Mbale ya Kachete

1. Majasi awiri

Kusukulu aliyense ankamuitana kuti Nambawani. Dzinali linamumata ali ku pulayimale, chifukwa zotsatira za mayeso zikamatidwa pakhoma, iye ndi amene ankakhala pamwamba. Ngakhale amayi ake, amene anali telala, ankamuitana choncho akafuna kuti awapatsire sizasi.

Zinthu zinasintha chaka chimene amalume ake anamwalira ndi khansa ya m'matumbo. Mwana wawo wamkazi, msuweni wa Nambawani, anabwera kudzakhala nawo. Anali wamsinkhu umodzi ndi iye, wochepa thupi, wosakonda kulankhula, moti anzake anangomupatsa dzina loti Kachete. Anamulowetsa m'kalasi momwemo, fomu 3.

Teremu yoyamba Kachete anakhala nambala 9, ndipo Nambawani ankamubwereka makope ake ndi mtima wonse. Teremu yachiwiri Kachete anakhala woyamba. Tsiku lotsekera sukulu, anyamata okhala kumbuyo kwa kalasi anaimirira pakhomo, m'modzi n'kuvula chipewa.

"Mwaswera bwanji, a Nambatu?"

Kalasi yonse inaseka. Nambawani anasekanso nawo, koma mano okha.

Tchuthi chimenecho, labu ya pa chipatala chachikulu inaitana ophunzira awiri okhoza bwino sayansi kuti akaphunzireko ntchito kwa milungu itatu. Aphunzitsi anasankha asuweni awiriwa. Amayi anakhala pamakina n'kusoka majasi awiri oyera. Anayamba ndi ya Kachete, ndipo anaiika thumba pachifuwa. Pofika pa ya mwana wawo, nsalu inali itachepa.

"Yanga ilibe thumba," anatero Nambawani.

"Peni uziika kukhutu ngati kalipentala," anayankha amayi akuluma ulusi.

"Chilichonse n'cha iyeyo basi. Bedi la pawindo n'lake. Thumba n'lake. Kapena mwana wanu ndi iyeyo, ine ndine wotola?"

Kachete anali kuseri, akuyanika zovala. Amayi anaimitsa makina.

"Khala apo undimve. Mnzakoyu anasamalira bambo ake miyezi isanu ndi umodzi, akuchapa zofunda zimene munthu wamkulu sakanatha kuziyang'ana. Mlongo wanga uja anayamba kuona magazi m'chimbudzi chaka chathunthu asanauze munthu. Anali ndi manyazi. Ankati ndi zotupa wamba, zitha zokha. Thupi linayamba kutha, lamba akumuboola mabowo atsopano, iye ali chete. Pamene tinkamutengera kuchipatala, madokotala anati tachedwa. Ndiye mwana wakeyu wabwera muno ndi chikwama chimodzi, iwe ukuwerengera thumba la jasi? Nsanje, mwanawe, ili ngati njenjete m'sutikesi. Kunja sutikesi imaoneka bwino, koma tsiku lofuna kuvala umapeza nsanza zokhazokha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanji uyu ndi magazi ako."

Nambawani anati wamva. Anatenga jasi yake n'kukaipachika kumbuyo kwa chitseko, pamwamba pa ya Kachete.

2. A Sambani

Labuyo inali m'chipinda cham'mwamba, kumapeto kwa khonde lalitali lonunkha mankhwala okolopera. Munali matebulo atatu aatali, masinki awiri, firiji yolira mosalekeza, ndi kabati yachitsulo yofunditsira tizilombo. Kabatiyo inkakhala yotentha ngati m'mimba mwa munthu.

Amene anawalandira anali bambo wina waimvi, wovala magalasi omanga ndi chingwe. Anali atagwira ntchito m'labumo zaka zoposa makumi atatu, ndipo aliyense ankawatchula kuti a Sambani, chifukwa munthu asanapereke moni iwo ankaloza kusinki.

"Sambani m'manja, moni pambuyo."

Atsikanawo atasamba n'kuvala magolovesi, a Sambani anawaonetsa timbale toonekera mkati, tokhala ndi zivindikiro. Pansi pa kambale kalikonse panali chakudya cha tizilombo, chachikasu, chogwirana ngati phula lofewa.

"Anthu amene amabwera ndi vuto la m'mimba amatisiyira chimbudzi pang'ono m'kabotolo," anatero. "Musakwinye mphuno, ntchito yonunkhayo ndimagwira ndine. Inu ndizikupatsani tizilombo tosankha kale, toyera ngati alendo a paukwati."

Kachete anaseka pang'ono. A Sambani anatenga maka yakuda n'kuikweza m'mwamba.

"Tsopano tcherani khutu, chifukwa izi sindibwereza. Muno chinthu choopsa si moto wa gasi, si tizilombo ayi. Ndi peni iyi. Pansi pa mbale iliyonse muzilemba nambala imene ili pakabotolo, ndi chilembo choyamba cha dzina lanu. Mayina a odwala sitiwadziwa, ali m'buku la adokotala. Koma musaganize kuti nambala ndi nambala chabe. Nambala imeneyo ili ndi nsapato, inakwera basi kubwera kuno, inakhala pabenchi kuyambira m'mawa. Ili ndi ana kunyumba amene akufunsa kuti kuchipatala ati bwanji. Ndili wamng'ono pantchito, mnzanga wina analemba nambala ya munthu pambale ya munthu wina chifukwa ankathamangira kuweruka. Wodwala anauzidwa kuti ali bwino, wabwino anamwa mankhwala milungu iwiri. Mnzanga uja sanamenye munthu, sanabe kanthu, koma mpaka lero akadutsa pachipatala amayang'ana kumbali. Ukalakwitsa kulemba, usafufute. Bwera undiuze, titaye mbaleyo tiyambirenso. Wonena kuti ndalakwitsa timamuphunzitsa. Wobisa timamutsegulira chitseko."

"Tamva, bambo," anayankha onse awiri.

3. Nkhondo ya m'matumbo

Mkulu wa kafukufukuyo anali mayi wamfupi, woyenda mofulumira, amene onse ankangowatchula kuti Adokotala. Mlungu wachiwiri anaitana atsikanawo pabolodi n'kujambula thumbo lalikulu lopindika.

"M'matumbo mwathu muli mabakiteriya ambirimbiri. Ambiri ndi abwino, amatithandiza kugaya chakudya. Koma malo ndi ochepa, ndiye amalimbirana. Ena amapanga timankhwala tawotawo, tizidutswa ting'onoting'ono ta mapuloteni totchedwa mapeputayidi, n'kumapha nato anzawo oyandikana nawo kuti malo onse akhale awo."

"Ngati apongozi awiri m'khitchini imodzi," anatero a Sambani ali kusinki.

"Ife tikufufuza mtundu umodzi umene timaupeza kawirikawiri mwa anthu a khansa ya m'matumbo," anapitiriza Adokotala. "Sitikudziwa ngati umathandiza kuyambitsa nthendayo, kapena umangokonda kukhala pamene nthendayo ili. N'chifukwa chake timati kafukufuku. Tikuganiza kuti timankhwala take timathamangitsa mabakiteriya abwino aja. Ntchito yanu ndi kuona ngati zilidi choncho."

Njira yake inali yosavuta. Ankapaka mabakiteriya abwino pambale yonse, kenako n'kudontheza pakati kadontho ka mabakiteriya ochokera kwa wodwala. Mbaleyo inkagona m'kabati yofunditsira. Ngati a pakatiwo akupanga timankhwala tija, m'mawa pankaoneka bwalo loyera lozungulira kadonthoko, pamene anzawo onse afa.

"Aliyense wa inu alandira mbale khumi," anatero Adokotala. "Mwina simupeza kalikonse, zimachitika. Koma amene apeze bwalo, dzina lake lidzalembedwa pachipepala chathu cha zotsatira, ndipo ndidzapita naye ku msonkhano wa asayansi mwezi wamawa kuti akafotokoze yekha."

Kachete anakweza dzanja. "Adokotala, mankhwala opha majeremusi timawaona ngati abwino. Ndiye kuti awa akhoza kudzakhala mankhwala, kapena ndi oipa chifukwa akupha abwino?"

Adokotala anamuyang'ana kanthawi. "Funso limeneli ndakhala nalo zaka zinayi. Ulilembe m'kope mwako, usalitaye."

Nambawani nayenso anali atakweza dzanja, koma Adokotala anali atayang'ana kale wotchi n'kutuluka.

Lachitatu masana anakonza mbale zawo. Kachete ankagwira ntchitoyo mwaluso ndi modekha. A Sambani anaima kumbuyo kwake n'kunena kuti, "Manja awa ndi a m'labu." Atafika pa Nambawani anangoti, "Chepetsa liwiro, sitikuthamangitsa basi."

4. Sipiriti ndi thonje

Lachinayi m'mawa a Sambani anatuma Kachete kusitolo ya pansi kukatenga makatoni a magolovesi. Iwo anaitanidwa ku wodi kukalandira mabotolo atsopano.

"Nambawani, tulutsa mbale zonse uziyale patebulo. Usatsegule."

Anatsala yekha. Anayamba ndi zake, akuziyang'ana pawindo imodziimodzi. Yoyamba inali yachifunga paliponse, popanda bwalo. Yachiwiri chimodzimodzi. Anafika yakhumi, nambala 52, n'kuitembenuza kawiri konse. Panalibe kanthu.

Kenako anatulutsa za Kachete. Pa yachisanu ndi chiwiri dzanja lake linaima. Pakati pa mbaleyo panali bwalo loyera, lozungulira bwino ngati lajambulidwa ndi kampasi. Pansi pake panalembedwa 27, ndi chilembo K.

Anaiika patebulo. Anaitolanso. Pakhonde panali zii, firiji yokha ikulira. M'makutu mwake munabwerera mawu a mnyamata wa chipewa uja.

Pafupi ndi sinki panali botolo la sipiriti ndi mpukutu wa thonje. Anali ataona a Sambani akufufutira maka pamabotolo otha ntchito. Ananyowetsa thonje n'kupukuta pansi pa mbale ya Kachete. Inki inasungunuka msanga kuposa mmene ankaganizira. Analembapo 52 ndi N. Anatenga mbale yake yopanda kanthu ija, anaifufutanso, n'kulembapo 27 ndi K. Anamva nsapato pamasitepe, moti yachiwiriyi sanaidikire kuti iume bwino. Thonje analikankhira pansi pa zinyalala zina m'bini.

Kachete analowa atanyamula makatoni atatu, chibwano chili pamwamba pa katoni yomaliza.

"Asuweni, ndilandireni, msana wathyoka. Zatuluka bwanji?"

"Sindinazione bwinobwino," anatero Nambawani akulandira katoni imodzi. "Ndimadikira iwe."

5. Kuwomba m'manja

A Sambani atabwera anayang'ana mbale zonse makumi awiri. Atafika pa ya bwalo ija anakweza magalasi awo n'kutuma mlembi wa m'labumo kuti akaitane Adokotala.

Adokotala anaiyang'ana pawindo, anayeza bwalolo ndi rula, n'kumwetulira koyamba chifikireni atsikanawo.

"N. Ndiwe iwe? Bwera kuno. Pa miyezi itatu, ili ndi bwalo lalikulu kuposa onse amene taona."

Ogwira ntchito a m'chipinda china anabwera kudzaona, n'kumuwombera m'manja. Wina anati dzina lija sanamupatse mwangozi. Nambawani anamva kukoma mpaka kuzala zakumiyendo. Anayang'ana msuweni wake kuti aone nkhope yake. Kachete nayenso ankawomba m'manja, kenako anapita kukasonkhanitsa mbale zake khumi kuti alembe zotsatira m'kope. Atatembenuza imodzi anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaiika pamodzi ndi zinzake.

"Tibwerezanso kuti titsimikize, zimenezo zitenga mlungu," anatero Adokotala. "Koma lamulo la kafukufuku wathu ndi loti wodwala mwini wa mbale yotere sitimudikiritsa. Mlembi, konzani kalata ya nambala 52. Abwere Lolemba timuunike m'matumbo ndi kamera. Malo ndi amodzi okha mlungu umenewo, ndiye amenewo ndi ake."

"Nanga enawo?" anafunsa Nambawani. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

"Enawo adikira pamzere wa masiku onse. Mzerewo ndi wautali, wina amatha miyezi inayi asanaitanidwe. Ndikanakonda akanakhala onse mawa, koma makina ndi amodzi."

Kukoma kuja kunathera pomwepo.

6. Pamasitepe

Nthawi ya chakudya chamasana asuweniwo ankakhala pamasitepe akumbuyo, pafupi ndi matanki a madzi. Tsiku limenelo Kachete ananyema buledi wake pakati n'kupereka mbali yaikulu kwa mnzake.

"Idya, wasayansi. Kumsonkhano ukatibweretsereko peni."

Nambawani analandira, koma anangomugwira m'manja osadya.

"Usakhumudwe, mwina mlungu wamawa upeza bwalo lako," anatero Nambawani.

"Sindinakhumudwe." Kachete ankathothola buledi wake pang'onopang'ono. "Kungoti seveni wa pa mbale yanga ya 27 ija ndi wodula pamimba, pomwe ine seveni wanga sindimudula pamimba. Aphunzitsi a kwathu ankatikwapula tikamudula. Amene amadula seveni pa tebulo lathu lija ndi munthu m'modzi."

"Ukufuna kunena chiyani?"

"Ndanena kale."

"Ndiye pita ukanene. Si ndiwe wokondedwa wa aliyense? Kunyumba iwe, kusukulu iwe, kuno iwe. Unabwera ndi chikwama chimodzi, lero watenga zonse. Ine ndatsala ndi chiyani?"

Kachete anayang'ana pansi. Atalankhula, mawu ake anali otsika ngati masiku onse.

"Msonkhanowo pita, sindiufuna. Bedi la pawindo tisinthana lero lomwe. Ine ndimawerenga chifukwa ndikasiya kuwerenga ndimaona nkhope ya adadi. Sindinabwere kudzakulanda dzina. Ndipo kukunenera sindikunenera, azakhali angadwale nazo. Koma nambala 27 ndi munthu. Mwina ali ndi mwana ngati ine amene akumuchapira zofunda. Miyezi inayi, msuweni. Adadi miyezi inayi yomaliza sankathanso kukhala tsonga."

Anaimirira, anakutumula nyenyeswa pajasi yake, n'kukwera masitepe. Nambawani anatsala ndi buledi m'manja. Belu la 1 koloko linalira, iye osanyamuka. Kawiri konse anaimirira kuti apite kwa a Sambani, kawiri konse anakhalanso pansi akaganiza za anthu aja amene anamuwombera m'manja. Pomaliza, 2 koloko itadutsa kale, anadziuza kuti akanena mawa, zinthu zikazizira.

7. Mu ofesi

Atabwerera m'labu anapeza tebulo lawo lili lopanda mbale. A Sambani anali pakhomo, ndipo ulendo uno sanaloze kusinki.

"Adokotala akukufuna. Mnzako ali komweko."

A Sambani anamuperekeza n'kulowa naye. Ofesiyo inali yaing'ono, yodzaza mafayilo mpaka pawindo. Kachete anali ataimirira pafupi ndi khoma, manja kumbuyo. Padesiki panali mbale imodzi yotembenuzidwa, thonje lakuda ndi inki m'kathumba kapulasitiki, ndi kalata ya nambala 52 imene inali isanasayinidwe.

"Tseka chitseko," anatero Adokotala. "A Sambani amayang'ana mbale iliyonse asanaitaye. Iyi yalembedwa 27 ndi K, koma inki yake yayenderera, ndipo pansi pake pakuoneka mthunzi wa nambala ina. Thonje ili alipeza m'bini ya tebulo lanu. Munthu wafufuta nambala muno lero."

Adokotala anakankhira kalata ija pambali n'kupitiriza.

"Ngati mbale imodzi ndi yokayikitsa, ndiye kuti zonse makumi awiri ndi zokayikitsa. Kalata iyi sindingaisayine. Malo a Lolemba ndiyenera kuwapereka pofika 3 koloko, apo ayi apita kwa odwala a wodi ina, ndipo mwini wa bwalo lija, kaya ndi ndani, abwerera kumapeto kwa mzere. Ndamufunsa mnzakoyu katatu. Chilembo n'chake, mbale ndi yake. Akungoti alibe chonena."

"Ndamuuza kuti kukhala chete nakonso ndi yankho," anatero a Sambani. "Mwana wa manja abwino chonchi, sindikumvetsa."

Adokotala anatulutsa pepala lina m'dirowa n'kuliika pambali pa kalata ija.

"Ili ndi lopita kwa ahedi a kusukulu kwanu. Wofufutayo achoka muno lero, ndipo sukulu yanu sitidzaitanakonso ophunzira mpaka titakambirana. Ndatsala pang'ono kulembapo dzina la Kachete. Koma sindifuna kulakwira mwana wa munthu. Iwe umakhala naye tebulo limodzi, umagona naye chipinda chimodzi, ndipo m'mawa ndiwe unatulutsa mbalezi m'kabati."

Nambawani anayang'ana msuweni wake. Kachete sanamuyang'ane. Maso ake anali pa wotchi ya pakhoma, imene inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti 3 koloko ikwane.

Adokotala anavula chivindikiro cha peni yawo.

"Tandiuza, mwanangu. Ndilembepo dzina la ndani?"